Kart yanu ikutembenuka chifukwa buleki mukuiyamba pang'ono n'kumalizira mwamphamvu

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Mwati pa mpikisano wa kart (timagalimoto ting'onoting'ono ta munthu mmodzi) zobwereka kumeneko ku Johannesburg inu ndi amene mumachedwa kuponda buleki kuposa anzanu onse, koma potuluka pakona amakudutsani. Mwatinso mukaponda mwamphamvu kumbuyo kumaterereka mpaka kagalimotoko kuyang'ana komwe mwachokera. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi, ndipo ndikufuna mulimvetse chifukwa masewerowa amakoma kwambiri phazi lakumanzere likaphunzira ntchito yake.

Tiyambe ndi mmene kart inapangidwira. Pafupifupi zonse zobwereka, komanso zambiri zampikisano monga Rotax Max, zili ndi buleki kumbuyo kokha. Ndi disiki imodzi yomangidwa pachitsulo chimodzi chomwe chagwira matayala onse awiri akumbuyo. Mulibe difu (chipangizo chimene pagalimoto chimalola matayala awiri kuzungulira pa liwiro losiyana), mulibe mashoko. Zokhala ndi mabuleki kutsogolo ndi zamphamvu zija, monga KZ ya magiya 6 ndi Rotax DD2. Tsono mukaponda buleki, kulemera kwanu ndi kwa kart kumathamangira kutsogolo, ndiye matayala okhawo amene akuyenera kukuimitsani ndi amene akupepuka. Aliyense amene anatsikapo chitunda cha mchenga panjinga n'kufinya buleki yakumbuyo yokha akudziwa zimene zimachitika: tayala limaima, limakwekwereza, kenako limathawira kumbali. Ukakhala kuti wakhotetsa kale chiwongolero, basi watembenuka.

Anthu ambiri amabwera ndi phazi la pamsewu. Poyandikira maloboti timayamba kuponda pang'onopang'ono n'kumawonjezera pamene tikufika. Pa kart chitani mosemphanitsa. Chiwongolero chili chowongoka, chotsani phazi pamafuta ndipo pondani buleki msanga ndi mwamphamvu, kufika pamene matayala atsala pang'ono kuima. Mudzamva akulira pang'ono, ndipo mpando udzakuuzani kuti kumbuyo kwayamba kuvina. Malire ake ndi amenewo. Kuchokera apo muzibweza phazi pang'onopang'ono pamene liwiro likutsika. Kuponda mwamphamvu sikumenya ayi. Phazi lifike msanga koma likankhe, chidendene chili pansi, kuti mphamvu muziiyeza ndi akakolo osati ndi mwendo wonse. Matayala akaima ndithu, musachite mantha n'kuchotseratu phazi. Bwezani pang'ono chabe, ayambanso kugudubuka.

Thupi nalo lili ndi gawo, chifukwa pa kagalimoto kopepuka chonchi dalaivala ndi katundu wamkulu. Poponda buleki tsamirani kumbuyo, msana ukhazikike mumpando, manja akankhe chiwongolero m'malo mochikoka. Mukagwera kutsogolo mukuchotsanso kulemera pamatayala omwe ali kale opepuka.

Tsopano pa nkhani imene ndikuiona yaikulu, kabwezedwe ka phazi polowa pakona. Popeza matayala akumbuyo ali pachitsulo chimodzi, onse amazungulira mofanana, pomwe pokhota lakunja limafuna kuyenda mtunda wautali kuposa lamkati. Akakhala onse pansi amalimbana, ndipo kart imangofuna kupita molunjika. Opanga anathana nazo motere: mukakhotetsa chiwongolero, tayala lakutsogolo lamkati limatsika pang'ono, lakunja limakwera, felemu imapindika, ndipo tayala lakumbuyo lamkati limapepuka kapena kunyamuka kumene. Yang'anani zithunzi za akatswiri ali pakona, mudzaona akuyenda ndi matayala atatu. Kabuleki kotsalira kaja, kamene mukumalizira kubweza pamene mukuyamba kukhota, kamasunga kulemera kutsogolo n'kuthandiza tayala lija kunyamuka, mphuno n'kulowa bwino. Kumeneku ndiye kumene oyendetsa amati trail braking. Lamulo lake n'lakuti chiwongolero chikamakhota kwambiri, buleki izichepa. Pofika pa apex, malo amene mwayandikira kwambiri m'mphepete mwamkati mwa kona, phazi lakumanzere likhale litachoka kale. Ine ndimalangiza woyamba kumene kuti amalize kaye buleki yonse ali mowongoka kufikira atazolowera, kenako azilola kotsalirako kulowa naye mita imodzi kapena iwiri. Mukathamangira zimenezi ndi buleki yakumbuyo yokha, mutembenuka kawirikawiri kuposa pano.

Nanga bwanji akukudutsani potuluka? Tiwerengere limodzi. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola mumayenda pafupifupi mamita 22 pa sekondi. Mukachedwetsa buleki ndi mamita 2, phindu lanu silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Koma tiyerekeze kuti kutsogolo kwa konayo kuli msewu wowongoka wa mamita 200. Amene akuuyenda pa 60 amatenga masekondi 12, wa 63 amatenga pafupifupi 11.4. Kusiyana kwa liwiroko kumachepa mukamayandikira mapeto, komabe mukuona kumene nthawi ikutayikira. Inu mukulowa mwaliwiro, mukupitirira apex, mukukhotetsa kwambiri, matayala akukwekwereza, injini yatsika. Mnzanu waponda buleki msanga pang'ono, wakhota kamodzi, wayamba kale kupatsa mafuta. Kart zobwereka nthawi zambiri zimakhala ndi injini zazing'ono za mtundu wa Honda GX, zopanda magiya, ndipo liwiro likatayika zimachedwa kulibweza. Choncho kona imene ikutsogolera kumsewu wautali ndi imene muyenera kuilemekeza koposa: lowani modekha, chedwetsani apex pang'ono kuti mutuluke chiwongolero chili pafupi kuwongoka.

Musaponde zonse ziwiri nthawi imodzi. Pa zobwereka izi zimatenthetsa buleki ndi kilachi, ndipo m'malo ena kart imadula yokha mphamvu ikazindikira. Dziwaninso kuti makona ena othamanga safuna buleki konse, kungochepetsa mafuta kwakwanira.

Kuchedwetsa buleki sikoipa, ndi luso lenileni, makamaka podutsa mnzako. Lewis Hamilton, katswiri wa mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 amene anayamba kart ali ndi zaka 8 mu 1993, amafotokoza kuti bambo ake Anthony ankayang'ana pamene ana othamanga kwambiri akupondera buleki, n'kukaima patsogolo pang'ono, kufupi ndi kona, m'mphepete mwa msewu kuti iye azipondera pamenepo. Ankatembenuka, n'kubwereza, mpaka anazitha. Chimene ndikufuna mutengepo ndi chizindikiro chija. Mwana uja sankaponda mwamwayi. Anali ndi malo amodzi owaona ndi maso. Inunso pezani chanu pakona iliyonse: tayala la mtundu wina pampanda, mng'alu wa phula, poyambira miyala yopaka utoto ya m'mphepete mwa kona. Musasankhe chithunzithunzi cha mtengo kapena munthu woima, zimenezo zimasuntha. Yambani ndi malo amene mukudziwa kuti mufika bwinobwino, kenako muzisunthira kutsogolo mita imodzi mukazungulira kangapo. Mukaona kuti mwaphonya apex kapena mwachedwa kupatsa mafuta, bwererani pamene munali. Ndipo phazi likangoponda, maso achoke pachizindikirocho apite pa apex, kenako potulukira, chifukwa manja amatsata maso.

Kart zobwereka sizifanana. Ina buleki yake imagwira phazi likangokhudza, ina mpaka mukankhe kwambiri. Pozungulira koyamba yesani buleki pamalo owongoka, mutayang'ana kuti kumbuyo kulibe munthu, ndipo kumbukirani kuti matayala ozizira sagwira bwino. Ikakhala yofewa mpaka phazi kufika pansi, bwererani mukawauze eni malo akupatseni ina. Pamenepo palibe zochitira manyazi, ndi nkhani ya moyo wanu ndi wa anzanu.

Kukagwa mvula, monga zimachitikira madzulo m'nyengo yotentha ku Gauteng, mzere wakuda uja umene aliyense amadutsamo umaterera koposa chifukwa cha labala yomwe inamatirira paphula. Pondani buleki msanga, mofewa, muli pambali pa mzerewo, ndipo pokhota yendani chakunja kumene phula lili lokhakhala. Pamvula pokha mukhoza kuweramira kutsogolo ndi kunja pang'ono polowa pakona kuti mphuno igwire.

Ngati mukuganiza zopita ku kart zampikisano, kaya ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria kapena ku Vereeniging, tiuzeni mtundu wake muno mugulu, chifukwa ikakhala ya mabuleki kutsogolo zina mwa zimene ndanenazi zisintha: imeneyo imalola kuponda mochedwa kwambiri ndi kulowa nayo buleki mkati mwa kona.