Musanakhudze pitch fader, onani kaye mlingo umene yaikidwa

Achimwene, vuto limene mukunenali, loti mukangosuntha pitch fader, kachipangizo kosinthira liwiro la nyimbo pa makina a DJ, mawu a woimba amasintha ndipo mabiti amathawana, linandichititsa manyazi pa ukwati wina ku Ulongwe, moti mpaka lero ndikagwira fader dzanja limayamba kunjenjemera.

Ndinali nditaphunzira miyezi isanu yokha pa kontrola (makina osakanizira nyimbo) ya mnzanga, ndipo nthawi zonse mlingo wake, ndiye kuti malire a mmene fader ingasinthire liwiro, unkakhala pa 6 peresenti. Bambo wina amene amabwereketsa masipika ndi jenereta m'maukwati a ku Angónia anandiitana kuti ndikagwire m'malo mwa DJ wake amene anali atadwala. Ndinafika mochedwa chifukwa iwo anandiuza nthawi yolakwika, ndipo sanandilole kuyesa zida. Sanandiuze kuti mwana wawo ankaseweretsa makinawo dzulo lake n'kusiya mlingo pa WIDE, umene umafika 100 peresenti, komanso master tempo, imene imagwira mawu kuti asasinthe, ili yozimitsa. Sipika yoyang'ana kwa ine panalibe, choncho ndinkamva mawu obwerera kuchokera ku khoma la holo, amene amafika mochedwa, pamene m'mahedifoni ndikumva zina.

Akwati akulowa, nyimbo ya amapiano inali pa 112 BPM (mabiti pa mphindi imodzi), ndipo yotsatira inali pa 115. Kusiyana kumeneku sikufika ngakhale 3 peresenti, ndiye ndinakoka fader pafupifupi theka la mtunda wake monga ndinazolowera. Pa WIDE mtunda womwewo ndi pafupifupi 50 peresenti. Nyimbo inalumpha kufika cha m'ma 168, woimba wamwamuna anamveka ngati kamwana kolira, ndipo ana operekeza akwati, amene anakonzekera masitepe awo mwezi wathunthu, anaima pakati pa holo n'kumayang'anana. Ndinabweza fader mwamantha, ndinapitirira pakati, nyimbo inayamba kukwawa ngati wailesi yotha mabatire. Apo n'kuti yachiwiri ndailowetsa kale, mabiti akugundana ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi mosamvana. Ankhoswe anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Mayi wina wa kuchikazi anasiya nthungululu pakamwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mwini zida uja. Anatenga maikolofoni kwa mwini mwambo n'kulengeza kuti anthu akhululuke, mnyamatayu ndi wophunzira. Madzulo anandidula theka la ndalama zanga ati ndawaonongera mbiri, koma za mwana wawo sanazitchule, ndipo sipika imene anakana kunditulutsira inali m'galimoto mwawo tsiku lonse. Makinawo analibe vuto lililonse.

Tsono imvani mmene zinthuzi zimagwirira ntchito. Fader imasintha liwiro, ndipo liwiro likakwera mawu nawonso amakwera. Pafupifupi 6 peresenti imakweza nyimbo ndi semitoni imodzi, ndiye kuti kasitepe kamodzi pa kiyibodi, n'chifukwa chake khutu limayamba kudandaula mukadutsa pamenepo. Master tempo, imene ena amaitchula key lock, imagwira mawu kuti asasunthe pamene liwiro likusintha, ngakhale kuti mukaikoka kwambiri mawu amayamba kuphwanyika. Technics SL-1200 MK2 ya 1979, galamafoni ya ma DJ, inali ndi mlingo wa 8 peresenti yokha, ndipo akuluakulu ankavinitsa nayo anthu usiku wonse. Ikani mlingo pa 6 kapena 10, sankhani nyimbo zosiyana ndi ma BPM atatu kapena anayi, ndipo musakakamize kizomba kukwatirana ndi kuduro.

Pophunzira, phimbani manambala a BPM a pa laputopu ndi kansalu. Yambitsani nyimbo yachiwiri pa biti yoyamba, muwerenge mpaka 32, mumve ngati ikutsogola kapena ikutsalira. Ikatsalira, ikankheni pang'ono ndi jog wheel, kagudumu kozungulira ka pa kontrola. Mukaona kuti mukukankhira mbali imodzimodzi kawiri kapena katatu, ndiye kuti liwiro lenilenilo silinafanane, sunthani fader pang'ono kwambiri, ngati mukuthira mchere m'ndiwo za alendo. Sync, batani lofananitsa lokha liwiro la nyimbo ziwiri, musaizolowere, chifukwa pa nyimbo zoimbidwa ndi woimba ng'oma weniweni, monga marrabenta yakale ndi makwaya athu, liwiro limayendayenda ndipo kompyuta imasokera.

Komabe ndinene zoona, tsiku lija ndikanangoyang'ana manambalawo n'kudina sync, ana aja akanamaliza masitepe awo. Pa ukwati wa anthu idineni popanda manyazi, khutu mukaliphunzitsire kunyumba. Ndipo mwini zida akakana kuti muyese makina alendo asanafike, landiranitu ndalama zanu zonse nyimbo yoyamba isanalire.