Kuchoka ku Adelaide mpaka ku Darwin pa campervan ndi ana atatu: n'zotheka kodi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku Adelaide ndi banja lake. Funso lawo ndi ili, mwachidule: iwo ndi bambo akunyumba akufuna kuchita hayala campervan, galimoto ija yokhala ndi mabedi, mbaula ndi filiji m'kati, n'kudutsa pakati pa Australia mpaka kukafika kunyanja ku Darwin. Ana alipo atatu, wamng'ono ali ndi zaka 4. Tchuthi apeza cha masiku 10 mu Disembala, ndipo ana awalonjeza kale kuti akakafika akasambira m'nyanja. Akufunsa ngati n'zotheka, komanso akonzekere bwanji.

Mayi, ulendowu ndi wotheka, ndipo ndikufunitsitsa kuti mupite. Koma mwezi mwasankhawo sindikugwirizana nawo, masiku achepa, ndipo lonjezo la kusambira m'nyanja lija mulibweze mwanzeru ana asanaliike kumtima.

Ndiyambe ndi mweziwo. Mu Disembala, ku Coober Pedy ndi ku Alice Springs, matauni a m'njiramo, kutentha kumafika madigiri 40, masiku ena kupitirira. AC ya kumbuyo kumene ana amagona, m'magalimoto ambiri ahayala, imagwira pokhapokha mwalumikiza magetsi pa caravan park, malo ogonapo a magalimoto otere. Mukagona patchire ndiye kuti usiku wonse mwana wa zaka 4 uja akungotembenuka ndi thukuta. Kumtunda nako, kuyambira Katherine mpaka Darwin, Novembala mpaka Epulo ndi dzinja. Mitsinje imadzaza n'kutseka misewu, malo ambiri osambira amawatseka, ndipo ndi nyengo ya anamondwe. Namondwe Tracy, amene anasakaza mzinda wa Darwin, anafika pa Khirisimasi mu 1974. Nthawi yabwino ndi pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Ana a sukulu ku South Australia, chigawo chimene kuli Adelaide, amapuma masabata awiri mu Julayi, ndiye pemphani tchuthi chanu chigwere pamenepo. Kungoti mudziwe kuti Julayi usiku m'chipululu kumazizira koopsa; ku Alice Springs kumatsika mpaka madigiri 0. Mabulangete, majuzi ndi zipewa za ana zisatsale.

Tsopano mtunda. Kuyambira ku Port Augusta, msewu wake ndi Stuart Highway, dzina lochokera kwa John McDouall Stuart amene anadutsa dzikoli kuchoka kumwera n'kukafika kunyanja ya kumpoto mu 1862. Ndi wa tala njira yonse. Anamaliza kuthira talayo mu 1987. Kuchoka ku Adelaide kukafika ku Darwin ndi makilomita pafupifupi 3,000, ndipo mukapatukira ku thanthwe lalikulu lotchuka la Uluru, komwe simungakulambalale mutafika pafupi chonchi, afika cha m'ma 3,500. Gawani ndi masiku 10 anu aja: makilomita 350 tsiku lililonse, popanda ngakhale tsiku limodzi lopuma. Ana adzangoona dziko kudzera pa windo, ndipo pofika tsiku lachinayi m'galimotomo mudzakhala mulibe mtendere. Pafunika masiku osachepera masabata awiri. Ngati masiku 10 sangasinthe, kwerani ndege mpaka ku Alice Springs, mukatengere galimoto kumeneko. Alice Springs ndi Darwin zatalikirana makilomita pafupifupi 1,500, mtunda woti banja lingathe kuyenda likupumira.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri, inu ndi bambo, ndi kupanda anthu kwa msewuwu. Ife tinazolowera M1, pomwe sungayende mphindi zingapo osaona munthu: wa njinga, mayi wa tomato, anyamata a makala, mudzi. Galimoto ikafa, anthu amabwera okha kudzakankha. Ku Outback, chipululu cha pakati pa Australia, maganizo amenewo muwasiye kunyumba. Pakati pa Glendambo ndi Coober Pedy pali makilomita pafupifupi 250 opanda pomwetsera mafuta, opanda sitolo, opanda mpopi. Magalimoto amadutsa ndithu, makamaka mu Julayi, koma m'mbali mwa msewu mulibe wokhalamo. Netiweki imabwera mukayandikira tauni n'kuzimiririka mukangotuluka, ndipo imene imagwira malo ambiri kumeneko ndi ya kampani ya Telstra. Choncho lamulo lake n'losavuta: mukaona pomwetsera mafuta, thirani, ngakhale thanki ili pakati, ngakhale mtengo ukupweteka. Madzi akumwa sungani m'zigubu zapadera, malita 5 pa munthu aliyense pa tsiku, kuwonjezera pa a m'thanki ya galimoto. Galimoto ikawonongeka, wina aliyense asachoke kukafuna thandizo wapansi. Khalani pagalimotopo, pamthunzi wake, chifukwa galimoto imaoneka patali pamene munthu woyenda m'tchire saoneka. Nambala ya zadzidzidzi ndi 000, ndipo matenda akulu kumeneko amathamangira ndi a Royal Flying Doctor Service, madokotala oyenda pa ndege, amene anayamba ntchito yawo mu 1928; m'malo ena mudzaona msewu womwewo utalembedwa zizindikiro zoti ndege yawo itere. Musananyamuke, uzani m'bale mmodzi kumene mugone usiku uliwonse.

Ndipo chonde, Mayi, dzuwa likamapendeka mukhale mutafika kale pogona. Izi ndikunena mobwereza kwa aliyense wondifunsa. Chisisira ndi m'bandakucha ndi nthawi ya akangaru, ndipo mbali zambiri za msewuwu zilibe mpanda, ng'ombe zimangoima pa tala. Mukanyamuka m'mawa mudzadzionera nokha nyama zogundidwa usiku zili ngundangunda, pamwamba pake patatera chiwombankhanga chachikulu chakuda. Mbalame imeneyi ikakhuta imalemedwa. Imakuyang'anani mukubwera, n'kudzatambasula mapiko mochedwa, nthawi zina n'kuulukira kumene kukuchokera galimoto. Mukaiona patali chepetsani liwiro ndi kuimba hutala. Makampani ambiri ahayala salipira ngozi yogunda nyama usiku, ndiye werengani bwino pepala la inshuwaransi musanasaine.

Kenaka pali ma road train, mathiraki okoka ngolo zitatu kapena zinayi, otalika mpaka mamita 53.5. Ikamabwera kutsogolo imayamba kuoneka ngati kadontho kovinavina m'thunzi la dzuwa, kenaka mwadzidzidzi yafika, ndipo mphepo yake imamenya campervan m'nthiti mpaka mbale kulira m'makabati. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, tsamirani pang'ono kumanzere, osaponda buleki mwamantha. Kuipitirira kumafuna msewu woongoka woonekera patali kwambiri, ndipo ndi ana kumbuyo ine ndingati ilekeni izipita. Imani pambali mumwe tiyi. Ku Northern Territory, chigawo chimene kuli Alice Springs ndi Darwin, zikwangwani zina zimalola makilomita 130 pa ola, koma galimoto yaitali ngati kanyumba imeneyi imayenda bwino pa 90 kapena 100, ndipo dizilo simutha msanga.

Posankha galimoto, musangowerenga mabedi. Funsani ngati ili ndi malamba a anthu asanu komanso pokolekera mpando wa mwana, poti lamulo la ku Australia limafuna kuti mwana wosakwana zaka 7 akhale pa mpando wovomerezeka. Funsaninso ndalama yowonjezera imene amalipiritsa mukakasiya galimoto ku Darwin m'malo moibweza kumene munaitenga. Magalimoto ambiri otere saloledwa m'misewu yafumbi, ndiye zimene mwaona pa intaneti za Oodnadatta Track zidikire ulendo wina.

Za ndiwo musadandaule kwambiri. Masitolo akuluakulu ali ku Port Augusta, Alice Springs ndi Katherine. Pakati apo zinthu n'zodula ndipo masamba ndi osowa. Ufa gulirani ku Adelaide. Nsima imapsa bwinobwino pa kambaula ka gasi, bola mthiko mutenge wanu ndi poto wolemera pansi, chifukwa timapoto ta m'galimoto zahayala n'topyapyala, timapsereza. Masana ntchentche zimavuta, zimakakamira m'maso ndi pakamwa, choncho agulireni ana timaneti tovala kumutu.

Nanga muime pati? Coober Pedy mugonepo. Miyala yamtengo wapatali ya opal inapezeka kumeneko mu 1915, ndipo chifukwa cha kutentha anthu ambiri anakumba nyumba zawo m'kati mwa zitunda. Kuli ngakhale matchalitchi a pansi pa nthaka. Ana mukawagwire dzanja, chifukwa kunja kwa tauni kuli maenje a migodi osatseka. Ku Uluru mumapatuka pa Erldunda n'kuyenda makilomita ena pafupifupi 245 mpaka ku Yulara, kumene kuli malo ogona. M'kati mwa paki imene muli thanthwelo salola kugona. Perekani masiku awiri athunthu. Thanthweli ndi lalitali mamita 348, eni ake ndi anthu a mtundu wa Anangu, amene boma linawabwezera malowa mu 1985, ndipo kukwera pamwamba kunaletsedwa pa 26 Okotobala 2019. M'munsi mwake muli malo ena amene zikwangwani zimapempha kuti musajambule. Afotokozereni ana chifukwa chake musanafike, kuti ndi malo a mwambo a eni dziko, ndipo mlendo amamvera zimene eni mudzi anena.

Mukadutsa Alice Springs, pa makilomita pafupifupi 100 musanafike ku Tennant Creek pali Karlu Karlu, ena amati Devils Marbles, miyala ikuluikulu yobulungira yosanjikizana pafupi penipeni ndi msewu. Apa ana amathamanga mpaka kutopa. Chigawo cha Tennant Creek mpaka Katherine n'chachitali, makilomita oposa 650, ndiye chidulani pawiri. Mphoto yake ili ku Mataranka. Mutayenda masiku m'dothi lofiira, mwadzidzidzi mumalowa m'nkhalango ya migwalangwa, ndipo pansi pake pali akasupe a madzi ofunda, cha m'ma digiri 34, oyera moti mumaona zala za kumapazi. Ku Bitter Springs madziwo amakutengani okha pang'onopang'ono; mwana wamng'ono mumveke choyandamitsa ndipo akhale pa mkono panu. Ku Katherine kwerani boti m'zigwembe za Nitmiluk, dziko la anthu a mtundu wa Jawoyn, kenaka paki ya Litchfield ndi mathithi ake a Florence ndi Wangi, komanso zulu za chiswe zazitali kuposa munthu.

Tifike pa nkhani ya nyanja ija. Kuyambira cha ku Mataranka kupita kumpoto ndi dziko la ng'ona, ndipo ng'ona zake zimakhala m'mitsinje ndi m'nyanja momwe. M'nyanja ya Darwin mulinso box jellyfish, kachilombo ka m'madzi kooneka ngati galasi kamene ululu wake ungathe kupha mwana. Kamachuluka kuyambira Okotobala mpaka Meyi, koma miyezi inayo sikuti kamatheratu. Sambirani pokhapo pamene pali chikwangwani cholola tsiku limenelo, ndipo pamene palibe chikwangwani muziyesa kuti ng'ona ilipo. Ana asasewere m'mphepete mwa mtsinje, ngakhale kungotsuka mapazi. Ku Darwin Waterfront kuli dziwe lotetezedwa ndi lina lopanga mafunde, ndiye lonjezo lanu lisamukire kumeneko. Nyanja yeniyeniyo mukaionere ku Mindil Beach Lachinayi kapena Lamulungu madzulo, pamene msika wa zakudya umakhalapo m'nyengo yopanda mvula.

Ngati kuntchito akanitsitsa ndipo Disembala ndi yokhayo muli nayo, campervan chitanibe hayala koma mulowere kum'mwera chakum'mawa: Robe, Mount Gambier, Port Fairy, mpaka ku Great Ocean Road. Matauni ali pafupipafupi, kumazizirirapo, ndipo m'magombe otchuka mumakhala opulumutsa anthu m'nyengo imeneyo; ana azisambira pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu. Muzimvetsera machenjezo a moto wolusa tsiku lililonse. Za Darwin zikhale za Julayi, ndipo galimoto ndi malo ogona ku Yulara mubukiretu kudakali miyezi ingapo, chifukwa nthawi ya holide ya sukulu zimatha msanga.