Kalata ya kubungwe siimitsa nthawi ya khoti

Mayi a ku Chinamwali, mwalemba kuti amuna anu ankavutika ndi msana ndipo anapita kwa munthu wina m'tauni ya Zomba wobaya timasingano m'thupi, chithandizo chomwe amachitcha acupuncture. Pamene anabayapo panatupa ndi kuchita mafinya, mpaka bambowo anagonekedwa m'chipatala kukang'ambidwa chotupacho. Pakhoma la wobayayo panali setifiketi ya bungwe lina lakunja. Munalilembera bungwelo, ndipo papita zaka ziwiri ndi miyezi ingapo mukudikira yankho, chifukwa atsibweni a amuna anu akuti musathamangire kukhoti.

Atsibweniwo akukupheretsani mlandu. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu zokha kwa munthu wovulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina, kuwerengera pamene anavulalira. Chimene chimaimitsa nthawiyi ndi kukatsegula mlandu kukhoti, basi. Kalata ya kubungwe siimitsa. Zokambirana za pakhonde siziimitsa. Ngakhale wobayayo azinena kuti "ndikuonani kumapeto kwa mwezi", masiku akuwerengeka ndithu. Ndaonapo anthu akufika ndi mapepala onse, chilonda chili poonekera, koma loya wa mbali inayo n'kungotchula tsiku limene munthu anavulala, mlandu n'kuthera pomwepo jaji asanamve n'komwe za chilondacho. Ndionetsetse adathetsa nkhosa, ndipo zimandiwawa kuti kawirikawiri woyambitsa kudikirako amakhala wachibale.

Dziwaninso kuti mabungwe a ntchitoyi sali ofanana. Ena ndi oimira mamembala awo, munthu amalowa mwakufuna kwake ndi kumalipira ndalama pachaka. British Acupuncture Council ya ku Britain ili choncho: ikhoza kuchotsa membala m'kaundula wake, koma ilibe mphamvu pa chipinda cha ku Zomba. Ena anakhazikitsidwa ndi lamulo, monga Allied Health Professions Council of South Africa, yochokera ku lamulo la 1982, imene imalembetsa ochita acupuncture m'dzikomo. Nayonso mphamvu zake zimathera m'malire a South Africa. Kwathu kuno olembetsa madokotala ndi ena ogwira ntchito zachipatala, komanso oyendera zipatala za anthu wamba, ndi a Medical Council of Malawi, pansi pa Medical Practitioners and Dentists Act ya 1987. Ndipo ngakhale bungwe litapeza munthu wolakwa, chilango chake chimakhala chenjezo, kuimitsidwa kapena kufufutidwa m'kaundula. Chipukuta misozi chimalamulidwa ndi khoti.

Sindingakulonjezeni kuti mudzapambana. Kuvulala pakokha si umboni wa kusasamala. Pafunika dokotala wonena kuti mafinyawo anabwera ndi timasinganoto, mwina chifukwa tinali togwiritsidwa kale ntchito kapena khungu silinapukutidwe ndi mankhwala. Mbali inayo idzati chilondacho munachidetsa nokha kunyumba. Komanso mukhoza kupambana n'kupeza kuti munthuyo alibe inshuwalansi kapena katundu wogwira.

Sabata ino tsegulani kabuku ka kuchipatala, muone tsiku limene anabayidwa ndi limene anagonekedwa, ndipo powerenga zaka zitatu muyambire pa loyambalo. Pemphani lipoti la dokotala amene anang'amba chotupacho. Akakuuzani kuti "mubwere mawa", monga achitira m'maofesi ambiri, siyani pempho lolemba ndipo adinde pa kope lanu. Sungani malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, zokambirana za pa WhatsApp ndi zithunzi za chilonda. Lemberani a Medical Council ku Lilongwe kufunsa ngati munthuyo ndi malo akewo analembetsedwa, makamaka ngati ankadzitcha dokotala, koma musadikire yankho lawo kuti mukasume. Wosuma ndi amuna anu, chifukwa ovulala ndi iwowo, ndiye apite iwo eni ake kwa loya, inu muwaperekeze. Ngati ndalama palibe, ofesi ya Legal Aid Bureau ilipo mu Zomba momwemo, ndipo mukangolowa muwauze kuti kwatsala miyezi yochepa. Wobayayo akabwera ndi envelopu ya chipepeso ndi pepala loti musayine, musasayine loya asanaliwerenge, chifukwa pepala lotere nthawi zambiri limanena kuti nkhani yatha.