Funsani Azakhali: Kutchena Ndalama Zili Zochepa

Zikomo Azakhali,
Ndine mtsikana wa zaka 24 ndipo ndangoyamba kumene ntchito yolandira alendo pa ofesi ina mumzinda wa Lilongwe. Malipiro akangotuluka, lendi, minibasi ndi kangachepe kotumizira mayi anga kumudzi zimamaliza pafupifupi zonse. Anzanga a pantchito amasintha zovala tsiku ndi tsiku, pamene ine ndimangozungulira pa madiresi atatu amene ndinagula ndili kukoleji. Mayi wina amene amaoda zovala ku Dar es Salaam wandiuza kuti ndikhoza kutenga pangongole n'kumalipira mwezi ukatha. Kodi nditenge? Nanga ndichite chiyani kuti nanenso ndizioneka bwino?
Wodandaula, Kawale, Lilongwe

Mwana wanga,
Ndiyambe ndi ngongoleyo, popeza ndi imene yafika kale pakhomo. Usatenge. Mayi wogulitsayo si woipa, ali pa bizinesi yake, koma mtengo wa chovala chapangongole amaukwezeratu pofuna kuphimba masiku odikira ndiponso anthu amene amazemba osalipira, choncho iwe wokhulupirikawe umalipirira ndi ozembawo. Komanso ngongole ya zovala simatha, chifukwa pamene ukupereka ndalama yotsiriza ya diresi lofiira, mwini katundu amakhala atatsegula kale chikwama kuti uone lobiriwira.

Usadzione ngati wolephera kusunga ndalama. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo kaunjika naye ndi katundu wakunja wogulidwa ndi ndalama zakunja. Mu February 2025 ogulitsa kaunjika eni ake anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Ngati wogulitsa akulira, wogula sangaseke, n'chifukwa chake kandalama kako kayenera kugwa pamalo oyenera.

Vuto lako lenileni si kuchepa kwa zovala, koma kuti zonse ndi madiresi. Diresi limavalidwa mwa njira imodzi yokha, ndipo ukabwera nalo Lolemba n'kubweranso nalo Lachinayi, aliyense amalizindikira. Siketi ndi bulauzi zimasinthana. Masiketi atatu ndi mabulauzi asanu, ngati chilichonse chikugwirizana ndi chinzake, zimakupatsa kavalidwe kosiyanasiyana ka 15, amene ndi masabata atatu a ntchito osabwereza. Masiketiwo akhale opanda maluwa, yakuda imodzi, yabuluu woderako imodzi, ina yotuwa kapena ya khaki, ndipo akhale ofika m'maondo kuti uzikhala pampando momasuka alendo ali patsogolo pako. Mitundu yowala ndi maluwa uzisiyire mabulauzi. Zisanu ndi zitatuzi usagule mwezi umodzi. Ziwiri pamwezi zakwana, ndipo madiresi ako aja azilowa pakati ngati alendo.

Tsopano za kumsika. Kaya ndi ku msika wa Tsoka mu Lilongwe momwemo, kaya ndi pa tsiku la msika kwina kulikonse, wofuna chovala cha kuofesi amalawirira m'mawa pamene akudula zingwe za belo. Chovala chosankhidwa belo litangotsegulidwa chimakwererapo mtengo, koma ndi pamene pamapezeka nsalu yeniyeni. Za pamulu wa madzulo, zimene amaitanira mokuwa, n'zotchipa chifukwa manja ambiri azikana kale. Peza wogulitsa mmodzi wa mabulauzi, uzimugula mobwerezabwereza, ndipo umusiyire nambala yako kuti azikuuza tsiku lotsegula belo. Masitolo a DAPP nawonso ndi abwino kwa munthu woyamba kumene, chifukwa zovala zimakhala zopachikidwa ndipo umaziona bwino popanda wokukankha, ndiponso mitengo yake imanka itsika katundu akamakhalitsa. Popita kumsika usatchene, mwana wanga, chifukwa wogulitsa amayamba wayang'ana nsapato zako asanatchule mtengo. Nenerera mwaulemu, ndipo ukagula ziwiri kwa munthu mmodzi pempha akuchotsereko.

Chovala ukachikonda usafulumire kutulutsa ndalama. Chitukule kudzuwa kuti uone pamene nsalu yapyapyala, chitembenuze kunsi, uyang'ane m'khwapa ndi m'kolala mmene thukuta limasiya chikasu chosachoka ndi sopo aliyense, ukoke msoko pang'ono kuti uone ngati ulusi ukugwira, kenako uyendetse zipi kawiri. Batani lothothoka, mpendero womasuka ndi zipi yakufa si zifukwa zosiyira chovala chabwino, koma ndi zifukwa zotsitsira mtengo. Banga la mafuta, nsalu yotuluka timibulu ndi lasitiki yotha mphamvu, zimenezo uzisiye pomwepo. Werenganso kansalu kolembedwa m'kati. Thonje limapuma ndipo limapirira kuchapa, pamene poliyesitala yopyapyala imasunga thukuta, ndipo mu minibasi ya mwezi wa October udzadziwa kusiyana kwake usanafike pa depoti. Manambala a saizi usawakhulupirire kwambiri, chifukwa 12 wa ku Britain si 12 wa ku America. Yeza chiuno, chifuwa ndi m'mapewa kunyumba, ndipo uzinyamula tepi kapena kachingwe komanga mfundo. Zam'kati zokha gula zatsopano, ndipo china chilichonse uchichape usanavale.

Pali munthu mmodzi amene ndikufuna umudziwe kuposa wogulitsa aliyense, ndiye telala wa pakhonde. Diso la munthu silidziwa mtengo wa chovala, limangoona ngati msoko wa phewa wagona paphewa penipeni, ngati m'chiuno mwagwira popanda kufinya, ndiponso ngati mpendero wathera pamalo oyenera. Gula chokulirapo, osati chothina, chifukwa kubweza n'kosavuta koma kukulitsa n'kovuta. M'mapewa mokha ndi mmene muyenera kukukwana pogula, popeza kubweza phewa la jekete ndi ntchito imene atelala ambiri amaiwononga. Chaka china ndinatola jekete lakuda pamulu nthawi yotentha, pamene palibe amene amafuna jekete ndipo mtengo wake umagwa. Linali ndi manja aatali ndi mabatani apulasitiki onyezimira ngati a chidole. Telala anafupikitsa manjawo n'kubweza kumsana, ine ndinasokerera mabatani ena akuda amene ndinachotsa pa chovala chakutha, ndipo jeketelo lapita nane kumisonkhano, kumaliro ndi kutchalitchi kwa zaka zambiri. Amene anandifunsa kumene ndinaligula ndinawauza zoona, koma ena sanakhulupirire.

Simbi nayo usainyoze. Sita Lamlungu madzulo zovala za sabata yonse n'kuzipachika, kuti magetsi akathima Lachiwiri m'mawa usatuluke ndi bulauzi yamakwinya. Siketi yakuda uziisita chotembenuza kapena kuyalapo kansalu konyowa, apo ayi idzayamba kunyezimira m'misoko.

Azakhali,
Ndine mphunzitsi, mayi wa ana atatu. Chaka chilichonse ndimaitanidwa ku zinkhoswe, maukwati ndi zochitika za kumpingo, ndipo paliponse amasankha nsalu yakeyake yoti tonse tisoketse. Sutukesi yanga yadzaza ndi zovala za chitenje zimene ndinavala kamodzi kokha, zina telala anaziwononga, koma za kuntchito ndilibe zokwanira. Ndikakana kugula ndimaopa kuoneka wodzipatula. Ndithandizeni.
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

Mayi,
Nkhani mwabweretsayi ikulira m'nyumba zambiri, kungoti amayi amaopa kuitchula pagulu. Nsalu ya ukwati ndi chizindikiro cha umodzi, ndipo sindingakuuzeni kuti muzikana zonse, chifukwa tsiku lina adzakhala mwana wanu ndipo mudzafuna kuona abale atavala mofanana. Koma si ukwati uliwonse umene uli wa m'nyumba mwanu. Wa mwana wa mchemwali wanu gulani nsalu yokwana chovala chathunthu. Wa mnzanu wa kuntchito gulani mamita awiri okha, musoketse bulauzi kapena siketi, kapena mungomanga chitenjecho ndi duku pamwamba pa diresi limene muli nalo kale. Pachithunzi mudzaoneka kuti ndinu a gululo, ndipo ndalama yotsalayo ikhoza kupita m'mbale ya perekaniperekani, kumene eni ukwati amaifunadi.

Chimene chimapha zovala za m'sutukesi mwanuzo ndi kasokedwe. Diresi la manja otukumuka ngati mabaluni, la mchira wokwekwereza pansi ndi mikanda pachifuwa, silingalowe m'kalasi, ndipo limafa tsiku lomwelo la ukwati. Muziuza telala asoke zidutswa ziwiri, siketi yowongoka ndi bulauzi yosachulutsa zokongoletsa. Siketi ya chitenje ndi bulauzi yoyera n'zovala za Lachitatu zolemekezeka, ndipo bulauzi ya chitenje imakhala bwino pa siketi yakuda. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2016, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ogwira ntchito m'boma analimbikitsidwa kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu lililonse, ndipo maofesi ena ambiri anatengera. Inu amene mukudandaula kuti mulibe za kuntchito muli ndi za Lachisanu zokwana teremu yonse, zangogona pansi pa bedi. Tulutsani zonse, musankhe zitatu za nsalu yolimba, telala adule madiresiwo akhale masiketi, ndipo zidutswa zotsala zikhale maduku kapena zokongoletsera m'khosi mwa bulauzi yopanda maluwa.

Pamene mukudzisankhira nokha nsalu, kaya ku msika wa Taifa kwanuko kumene kumadzaza zitenje zolowera ku Tanzania, kaya ndi zopangidwa ku fakitale ya Mapeto David Whitehead ku Blantyre, musakopeke ndi kuuma kwa nsalu, chifukwa nthawi zambiri ndi sitachi imene imachoka pa kuchapa koyamba. Tembenuzani muone ngati maluwa alowerera mbali zonse ziwiri, ndipo mwini wake akalola, tikitani kangodya ndi kansalu koyera konyowa kuti muone ngati ikuchucha. Ichapeni musanapite nayo kwa telala, popeza thonje limafupika likakumana ndi madzi koyamba, ndipo chovala chosokedwa pa nsalu yosachapa chimakukwanani pa ukwati n'kukukanani sabata yotsatira. Muzichapa ndi madzi ozizira, osanyika nthawi yaitali, n'kuyanika pamthunzi chotembenuza kuti dzuwa lisasulutse mtundu.

Za atelala owononga, ndinapsapo nanenso. Ndinapereka nsalu yodula kwa munthu amene sindinamuyesepo, kutangotsala masiku anayi kuti mwambo uchitike, ndipo chimene ndinalandira chinali ndi maluwa oyang'ana pansi kutsogolo, oyang'ana kumwamba kumbuyo. Kulakwa kunali kwa tonse awiri. Telala watsopano muyambe mwamuyesa ndi kantchito kakang'ono monga kubweza siketi. Mupite ndi chovala chimene chimakukhalani bwino kuti atengerepo muyeso, mugwirizane tsiku loyeza asanamalize, mumupemphe asiye nsalu yokwanira m'kati mwa misoko kuti thupi likasintha adzathe kumasula, ndipo musalipire ndalama yonse ntchito isanathe. Mwezi wa December komanso masabata omaliza asanatsegulire sukulu, pamene makina onse ali pa mayunifolomu, si nthawi yosoketsa chovala chimene mumachikonda.

Azakhali,
Nsapato zanga sizitha miyezi itatu. Ndimayenda wapansi kuchokera kunyumba kukafika pa siteji, ndipo ndikamafika kuntchito zimakhala zitatuwa kapena zitamatuka. Kodi ndizigula zotani?
Mtsikana wa ku Bangwe, Blantyre

Mwana wanga,
Nsapato za gogoda sanazipangire miyala ndi matope a ku Bangwe. Khala ndi mapeyala awiri: yafulati yolimba yoyendera, ndi yakuda ya chidendene chachifupi imene izikhala m'chikwama kapena m'dirowa ya kuntchito, yovala ukafika. Pa kaunjika funafuna ya chikopa chenicheni, chimene chimachita timakwinya ting'onoting'ono ukachidina ndi chala ndipo chimalandira polishi. Chonyezimira chapulasitiki chimayamba kusendeka, ndipo chikatero palibe wochikonza. Yeza madzulo mapazi atatupako, ndipo uyeze zonse ziwiri uli chiimire. Ukagula, usayambe wavala. Pita nazo kwa wosoka nsapato wa pansi pa mtengo uja kuti azungulize ulusi kunsi konse guluu asanamatuke, ndipo kamphira ka kuchidendene uzikasintha chitsulo chisanayambe kulira pa simenti. Zikanyowa ndi mvula usaziyandikize pa mbaula chifukwa chikopa chimauma n'kung'aluka. Ikamo mapepala a nyuzi, uzisiye pamthunzi podutsa mphepo, ndipo uzipake polishi zikauma.