Musakopeke ndi manambala akuluakulu a pa katoni

Achimwene, mwafunsa za scope (galasi lija lomangirira pamwamba pa mfuti loyang'aniramo powombera) yolimba koma yosaboola m'thumba. Ilipo, kungoti simunatchule mfuti yanu. Ine ndiyankha ngati ndi ya mpweya yothyola ija ya sipuling'i, poti ambiri m'gulu muno ndi imene tili nayo. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi ikandifikira mtima umawira.

Mu 2023, kwacha isanagwe mu November muja, ndinagula scope kwa mkulu wina amene amabweretsa katundu kuchokera ku Johannesburg. Sindimutchula, akudzidziwa yekha, mwinanso akuwerenga pano. Tinakumana ku depoti, katoni yonyezimira, palembedwa 6-24x50 (kutanthauza kuti imakuza chithunzi kuyambira ka 6 mpaka ka 24, ndipo galasi la kutsogolo ndi la 50 mm), kamtanda ka mkati koyaka kofiira ndi kobiriwira. Anachita kulumbira kuti iyi ndi ya alenje enieni, ngakhale mfuti yophera njati siingaigwedeze. Ine kumva za njati ndinati basi, kamfuti kanga ka mapeleti (tizipolopolo ta mfuti ya mpweya) a 5.5 mm ndi chiyani. Ndalama ya feteleza thumba lathunthu inapita.

Masabata awiri oyamba zinali bwino. Kenako mu June tinapita kwa apongozi ku Mitundu, njiwa zinkawavutitsa pa chimanga chimene anayanika kuseri kwa nkhokwe. Ndinadzitama usiku wonse pamoto kuti mawa ndiwo ndi za ine. M'mawa kuzizira kuja mukukudziwa, mame ali mbuu, zala zosapindika. Ndikuyang'ana mu scope, nkhungu yokhayokha. Ndinapukuta ndi malaya kutsogolo, kumbuyo, osasintha. Chinyezi chinali mkati mwenimwenimo. Apongozi aamuna aima pambali atafunda bulangete, alamu anga awiri akusuzumira, ana ali phee. Munthu wanzeru akanasiya. Ine manyazi anandigwira, ndinaona kachithunzi ka njiwa mwa chizimezime, ndikuika kamtanda, phaa! Njiwa zonse pululu kuuluka. Amene anagwa ndi tambala wa apongozi aakazi, wofiira wamkulu uja ankasungira mbewu, anali chapatali pang'ono akudzitolera zake. Kukupiza mapiko, fumbi kobo, ana kukuwa. Apongozi sanakalipe, anangoti “Zikomo bambo, ndiwo mwatipezeradi,” n'kulowa m'nyumba. Mawu amenewo mpaka lero akaledzera alamu anga amandipatsa nawo moni. Ndipo chimandiopsa n'choti malo amene panali tambalayo akanatha kukhala mwana. Kuwombera pafupi ndi nyumba usakuona bwino kunali kupusa kwanga, pamenepo sindinamizira munthu.

Nditaigwedeza scope ija, mkati mukumveka kuti wayawaya ngati chitini cha misomali, kamtanda kapendekeka. Kumuimbira mwini wake, akuti munaigwetsa. Ndati sindinagwetse. Akuti ndiye mfuti yanuyo ndi yoipa. Mawa lake uthenga akuwerenga osayankha, mkuja wandibuloka. Munthu wamkulu ndi ndevu zake! Ndipo ndikumuonabe akutsatsa zomwezo m'magulu ena.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Mfuti ya sipuling'i imakankha kawiri, kumbuyo kenako kutsogolo pisitoni ikagunda kumapeto. Scope zambiri anazipangira mfuti za zipolopolo zimene zimakankhira kumbuyo kokha, ndiye kugwedeza kwa kutsogoloku kumamasula magalasi ndi kamtanda pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kamfuti kophera njiwa kangathe kupha scope imene ikanakhala bwinobwino pa mfuti yaikulu ya .308. Funsani ngati inapangidwira mfuti ya sipuling'i, pa katoni amalemba airgun rated kapena springer rated. Ikhalenso yothiridwa mpweya wa nitrogen mkati kuti isachite nkhungu, ngakhale yanga ija analembanso choncho, bodza silivuta kusindikiza.

Za 24x iwalani. Ife timawombera pa mamita 20, 30, mukakuza kwambiri chithunzi chimada ndipo kugunda kwa mtima wanu komwe kumaoneka. 3-9x40 ikukwanirani, makamaka yokhala ndi AO kutsogolo, kopotokola kotchera scope molingana ndi mtunda, chifukwa scope za mfuti zazikulu zambiri anazitchera pa mayadi 100 ndipo pafupi zimanamiza. Chomangira chake musaumire, gulani cha chitsulo chimodzi cha 11 mm chokhala ndi kamsomali kolowa pa bowo la pamwamba pa mfuti, apo ayi scope imatsetsereka chammbuyo mukamawombera. Mayina ngati Hawke kapena Vortex ndi odalirika ngati ndi enieni. A Vortex amakonza kapena kusintha ikawonongeka, koma ganizirani ndalama yotumizira kunja kuchokera ku Lilongwe kuno.

Ndiye zotchipa zipeweni ndithu, sungani ndalama mugule kamodzi. Ngakhale kunena zoona imene ndili nayo pano ndi ka 4x32 kopanda ndi dzina komwe, mlamu wanga anachotsa pa mfuti yake yakale n'kundipatsa mondiseka. Kalibe zoyaka, kalibe zopotokola zambiri, ndipo chiikireni sikanasunthe. Mwina poti mulibe zambiri zoti zimasuke. Mukapeza kotero tengani, koma muyese kaye powombera katoni ndi mapeleti okwana musanamalize kulipira.

Kwa amene muli ndi mfuti za zipolopolo, chiphaso cha ku polisi chikhale m'thumba, ndipo kusaka kuli ndi laisensi yake ku nthambi ya Parks and Wildlife. Za kulowa ku Dzalanyama kapena ku paki ya Kasungu musayerekeze, chisinthireni lamulo mu 2017 nyama zina zotetezedwa zimapititsa munthu kundende mpaka zaka 30.

Tambala ndinalipira, awiri. Tumizani chithunzi cha mfutiyo pamwamba pake tione ngati ili ndi bowo la kamsomali kaja.