Musanasankhe conversation analysis, yesani kulemba mphindi imodzi ya macheza

Mwafunsa ngati n'kwanzeru kutenga conversation analysis, njira yofufuzira momwe anthu amayankhulirana pa macheza enieni ojambulidwa, pa kafukufuku wanu wa ku yunivesite, komanso poyambira. Tengani, koma mudziwiretu kuti ntchito yambiri mudzaigwira ndi makutu.

Maphunzirowa anayamba ndi Harvey Sacks ku California m'zaka za m'ma 1960, akumvetsera matepi a mafoni. Mu 1974 iye, Emanuel Schegloff ndi Gail Jefferson anatulutsa nkhani yofotokoza momwe anthu amapatsirana mpata wolankhula. Yambirani pamenepo, ngakhale ndi yolimba ndithu.

Jambulani macheza amene akanachitika ngakhale inu kulibe, monga anthu akucheza pakudya kapena akugwira ntchito limodzi. Mukamawafunsa mafunso ndinu, zotulukazo si macheza a tsiku ndi tsiku ayi. Pezani kaye chilolezo cha komiti ya kafukufuku ndi cha aliyense wojambulidwa, ndipo mayina awo musinthe. Vidiyo imaposa mawu okha, poti kugwedeza mutu nakonso ndi yankho.

Povuta ndi polemba zomwe mwajambulazo ndendende momwe zanenedwera. Gwiritsani ntchito ELAN, pulogalamu yaulere ya pakompyuta yolembera mawu ojambulidwa, ndi zizindikiro za Jefferson: (0.8) ndi kutalika kwa chete m'masekondi, (.) ndi kachete kakang'ono, [ ndi pomwe awiri ayamba kulankhulira limodzi. Mphindi imodzi ingakudyereni ola lathunthu. Oyamba kumene amakonda kuwongola zonenedwa, kuchotsa "eee", "mm" ndi mawu odulidwa pakati, osadziwa kuti akutaya zomwe amafunazo.

Taonani apa. Wina afunsa, "Mubwera mawa?" Padutsa (0.8), mnzake ali duu, wofunsayo n'kuwonjeza, "Kapena mkuja?" Kawirikawiri yankho limabwera patangopita masekondi pafupifupi 0.2, ndiye chete wotalika chonchi wofunsayo wamumva ngati kukana kukubwera, n'chifukwa chake wasintha funso. Umboni wanu ndi umenewo, zomwe wolankhula wotsatira wachita. Mukalemba kuti "anakwiya" kapena "anachita manyazi" popanda chooneka m'mawu otsatirawo, oyesa adzakubwezani, ndipo adzakhala akulondola.

Sankhani chinthu chimodzi chokha, kaya kukana pempho kaya momwe munthu amakonzera mawu akaphonya, musonkhanitse zitsanzo 30 kapena kuposapo, osataya zimene zikukutsutsani. Musanalembetse, funsani ngati dipatimentiyo ili ndi mphunzitsi wodziwa njirayi komanso ngati amachita ma data session, pomwe gulu limamvetsera kachidutswa kamodzi ka macheza ojambulidwa mobwerezabwereza. Muli nokha, khutu limazolowera kumva zomwe mukufuna kumva.