Chimaori mungoyamba, koma Chiameniya muyambe mwasankha mbali

Mmodzi mwa owerenga walemba pa imelo kuti akufuna kuphunzira Chimaori cha ku New Zealand ndi Chiameniya, ndipo akufunsa ngati kusiyana kwa kayankhulidwe ka m'zigawo kungamusokoneze. Bambo, pa Chimaori musade nkhawa. Pa Chiameniya, musagule buku musanadziwe kuti mudzayankhula ndi ndani.

Chiameniya chili pawiri. Chakummawa chimayankhulidwa ku Armenia ndi ku Iran. Chakumadzulo chinakhazikika pa kayankhulidwe ka ku Constantinople (Istanbul wa lero), ndipo anthu atabalalika ndi kuphedwa kwa Aameniya kwa mu 1915, chinakamera ku Lebanon, Syria, France ndi America. Zilembo n'zimodzi, zomwe Mesrop Mashtots anakonza cha m'ma 405, koma katchulidwe n'kosiyana. Akummawa amasiyanitsa b, p ndi ph, monga ife timachitira pa bala, pala ndi phala. Akumadzulo anatsala ndi ziwiri: chilembo cha b amachitchula ph, cha p amachitchula b. N'chifukwa chake Petros wa ku Yerevan, likulu la Armenia, ndi Bedros ku Beirut, likulu la Lebanon, ndipo moni wa barev amamveka parev.

Msampha weniweni uli pa aneni. "Ndikulemba" ku Yerevan ndi grum em, ku Beirut ndi gë krem. Tsono kamphatikiram'mbuyo komwe akumadzulo amasonyezera zochitika tsopano, gë, akummawa amakatchula k ndipo amasonyezera zam'tsogolo: kgrem ndi "ndidzalemba". Mukasakaniza mabuku, munthu adzamva kuti ntchito mudzaigwira pomwe inu mukunena kuti muli nayo m'manja. Kalembedwe nakonso kanagawika mu 1922, pamene Armenia ya Soviet inasintha masipelo. Akumadzulo sanatsatire, ngakhalenso a ku Iran, ngakhale amayankhula chakummawa. Choncho ngati mukupita ku Yerevan, tengani chakummawa cha masipelo atsopano. Ngati anzanu ndi a ku Beirut kapena Marseille ku France, funani mphunzitsi wa chakumadzulo.

Amaori a ku New Zealand amamvana kulikonse. Chosiyana kwambiri ndi maliwu angapo. Ng yawo ndi ija ya mu ng'ombe, koma a fuko la Ngāi Tahu a pachilumba chakummwera amaika k, n'kumadzitcha Kāi Tahu, ndipo phiri la Aorangi kwa iwo ndi Aoraki. A fuko la Tūhoe amaika n, tangata (munthu) n'kukhala tanata. Wh ambiri amaitchula ngati f, koma kumpoto mudzamva hakarongo m'malo mwa whakarongo (mverani), pomwe ku Taranaki ndi ku Whanganui h amaimeza, n'kudula mawu pakhosi. Kholo ndi tipuna kummawa, tupuna kumadzulo.

Phunzirani Chimaori cha m'mabuku, chomwe chinakhala chiyankhulo cha boma mu 1987, kenaka mutchere khutu kwa eni dera. Chinthu chimodzi musachite: kukonza munthu wa Kāi Tahu kuti waphonya ng. Katchulidwe kameneko ndi komwe amadziwika nako kuti ndi wa fuko liti.